Mtedza Wokana Kugawika

Padangokhala, kalekale nyama zikadakwatirana kudzera mwa ankhoswe ngati anthu, panali Gologolo ndi mkazi wake Nachisale. Anali atakhala m'banja zaka zambiri, ana onse atakula n'kumanga makomo awoawo. Gologolo anali mkamwini wolimbikira, wosamenya, wosaledzera, koma anali ndi vuto limodzi lalikulu: kuiwala. Akakwirira chinthu pansi kuti achisunge, ndiye kuti chapita. Nachisale anazolowera kukhululuka. Anakhululuka za khasu, anakhululuka za mpeni, anakhululukanso za chipande chimene mpaka lero sichinaoneke.

Chaka china mvula ili pafupi, Nachisale anapatsa mwamuna wake kathumba ka mbewu kuti akabise kutali ndi makoswe. Unali mtedza wofiira, waung'onoung'ono, umene malemu amayi ake anamusiyira. Mudzi wonse unkalima chalimbana, mtedza waukulu wotuwa uja, ndipo wofiirawo unkapezeka pakhomo pa Nachisale pokha. Mvula itagwa, iye anaitanitsa mbewu yake. Gologolo anatuluka panja, nayang'ana kum'mawa, nayang'ana kumadzulo, kenaka n'kuyamba kukanda m'mutu.

Nachisale sanakalipe, ndipo ine ndimati bola akanakalipa. Mkwiyowo anausunga dzinja lonse. Anadzala chalimbana limodzi, kupalira limodzi, kukumba limodzi, koma osasekerana. Mtedza utauma, atausenda n'kuuthira m'nkhokwe, Nachisale anatumiza mawu kwa ankhoswe kuti banja lamukwana.

Nkhoswe ya kuchikazi inali Mbira, amene akangokhala padzuwa tulo tinkamuba. Ya kuchimuna inali Sakhwi, kanyama ka mphuno yaitali kaja, katswiri wa bawo amene panalibe womugonjetsa. Sakhwi ndiye anamanga banja limeneli. Ankawakonda onse awiri, ankakondanso mtedza wokazinga wa Nachisale, ndipo sindinganene chikondi chimene chinkaposa chinzake.

Atakhala pansi, Nachisale analankhula mwachidule. "Woiwala mbewu ya amayi anga, mawa adzaiwala ine."

Apa mwamuna wanzeru akanapepesa. Gologolo, manyazi atamugwira, anasankha kudzikuza. Anati ngati zafika pamenepo, iye atenga bulangete lake azipita kwawo. Sakhwi sanamvere mawuwo kwenikweni. Iye ankayang'ana michira yawo, ndipo yonse iwiri inkanjenjemera.

Mfumu inatumiza nduna yake, Nguluwe, kuti ikayang'anire nkhaniyo. Nguluwe anakumbutsa onse mwambo wa m'dzikomo. Banja silitha mpaka zokolola zitagawidwa m'milu yofanana, popanda kutsala ngakhale njere imodzi. Njere siiswedwa pakati pogawana, chifukwa yoswa siimera. Ndipo ogawa amakhala eni banja okha, akuponya njere mosinthana.

Sakhwi anapempha tsiku limodzi loti awerenge mtedzawo payekha, kuti pasadzapezeke wonena kuti zina zinabedwa. Anamulola. Kawerengedwe kake kanali aka: njere zikakwana khumi ankaika munga pambali, minga ikakwana khumi ankaichotsa n'kuikapo mwala. Dzuwa lisanafike pamutu anali ndi miyala makumi awiri ndi isanu ndi umodzi, popanda munga kapena njere yapadera. Zinali njere zikwi ziwiri ndi mazana asanu ndi limodzi. Anada nkhawa, poti mtedza woterewu ukanagawika pawiri bwinobwino, banja n'kutha tsiku lomwelo.

Anakhala pansi, nakumba timaenje ngati ta bawo, n'kumasuntha timiyala akulankhula yekha. Atapeza chimene ankafuna, anayamba kudya. Anadya njere makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zinayi, akuwerenga iliyonse, mpaka mimba inayamba kukhudza pansi. Ena amati linali dyera. Ine ndimati nkhoswe yovutitsa mimba yake chonchi chifukwa cha banja la eni ndi yosowa masiku ano.

M'mawa mwake analengeza kuti mtedza wakwana miyala makumi awiri ndi isanu, minga iwiri, ndi njere imodzi yapadera. Ndiye kuti njere zikwi ziwiri, mazana asanu, makumi awiri ndi imodzi.

Anayala mphasa, naika dengu pakati. Pogawana zokolola panali nyimbo yake, yomwe mkazi amayambitsa, mwamuna n'kuvomera. Inkanena za njere yopita kwa uyu ndi ina yopita kwa uyo, ndipo ndime iliyonse inkatha ndi funso lofunsa mwini wa njere yotsiriza. Awiriwa ankaiimba ali achinyamata posenda mtedza pakhonde, nthawi imene inali nyimbo ya masewera chabe. Tsiku limeneli Nachisale anaiimba atakukuta mano, Gologolo n'kumavomera akuyang'ana kumbali.

Anaponya, anaponya, milu iwiri n'kumakula. Pamapeto pake mulu uliwonse unali ndi miyala khumi ndi iwiri ndi minga isanu ndi umodzi. M'dengu munatsala njere imodzi.

"Kanjere kamodzi kasatichedwetse," anatero Nguluwe. "Mayi, katengeni."

"Kuti azidzanena kwawo kuti ndinawadyera? Atenge okha."

"Ine ndinabwera pamudzi pano ndi bulangete," anatero Gologolo. "Sindichoka ndi njere ya chisoni."

Sakhwi anapukusa mutu ngati wakhumudwa kwambiri. Anati mwina alakwa poiwala ana, bwanji mawa apange milu itatu, wachitatu ukhale wa ana. Onse anavomera. Mtedza unayenera kubwerera m'nkhokwe, ndipo poti dengulo linali lolemera, eni ake analinyamula awiri, wina uku wina uku.

Kutacha anaimbanso nyimbo ija, naponya m'milu itatu. Inafanana yonse, koma m'dengu munatsala njere imodzi.

Sakhwi anati ndiye pakhale mulu wachinayi wa ankhoswe. Atamva zimenezo, Mbira anadzidzimuka kutulo n'kuvomereza ndi mtima wonse. Inatsala imodzi. Tsiku lotsatira Nguluwe anati nayenso wavutika, pakhale mulu wachisanu wa nduna. Inatsala imodzi.

Mbiri inamveka kuti kwa a Gologolo akugawa milu ya mtedza, ndipo abale anayamba kutulukira. Anafika azakhali a Gologolo amene anali asanapondepo pakhomopo zaka khumi, mulu wachisanu ndi chimodzi n'kukhala wawo. Anafika Nyani, nati iye ndi msuweni wa banjali, umboni wake ndi mchira. Anamupatsa wachisanu ndi chiwiri. Tsiku lililonse kunkabwera m'bale watsopano ndi thumba lake, ndipo tsiku lililonse nyimbo inkatha ndi funso lake lija, kanjere kamodzi kali phee m'dengu. Abale ankabwerera ndi matumba opanda kanthu, poti pakatsala njere palibe wotenga mulu wake.

M'masiku amenewa zina zinkachitika zimene Nguluwe sankaziona. Gologolo ankagona kwa Sakhwi, ndipo sankadya bwino. Dzuwa likafika pamutu, ena akamapuma, iye ankasowa, n'kubwera ali wefuwefu, zikhadabo zili dothi lokhalokha. Nachisale anamudzudzula kuti akudetsa mtedza, koma mawa lake anabwera ndi madzi oti asambe m'manja. Tsiku lina Nachisale atamwa madzi, anapatsira mwamuna wake chikho mosaganiza, monga ankachitira zaka zonse, ndipo anazindikira chikho chili kale pakamwa pa mnzakeyo. Tsiku linanso Gologolo anaiwala mawu ovomerera nyimbo, mkazi wake n'kumunong'oneza. Pofika milu isanu ndi itatu, nyimboyo inkamveka bwino moti Nyani anayamba kuomba m'manja mpaka azakhali anamuletsa.

Mbira, ngakhale anali watulo, sanali wopusa. Anakokera Sakhwi pambali n'kumufunsa ngati wauchita mankhwala mtedzawo.

"Mankhwala ake ndi bawo, achimwene," anatero Sakhwi. "Muchotse kanjere kamodzi kameneka, mtedza wotsalawo ndi womvera kuposa wina uliwonse. Mugawe pawiri ugawika, patatu ugawika, panayi, pasanu, mpaka pakhumi. Ndiye ine ndinasiya kamodzi pamwamba. Milu ikadzaza mofanana, iko kamasowa kolowa."

Mbira anafunsa chimene chidzachitike milu ikapitirira khumi. Sakhwi anati zotsala zidzangosintha kuchuluka, koma sizidzatha. Anati anayesa m'timaenje take milu khumi ndi umodzi, khumi ndi itatu, mpaka makumi asanu, ndipo anapeza kuti chiwerengero chimenechi n'chouma mutu. Chimalola zinthu ziwiri zokha: kukhala mulu umodzi, kapena njere iliyonse kukhala ndi mwini wakewake. Kenaka anapempha Mbira kuti asauze aliyense, chifukwa banja lonse lapachikika pa kanjere kamodzi.

Mbira analumbira, ndipo ali maso sanauzedi aliyense. Tsoka lake ankabwebweta kutulo. Masana omwewo anagona padzuwa pafupi ndi Nguluwe, n'kufotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pawiri mpaka pakhumi.

Tsiku la milu khumi linafika. Nguluwe anakhala pafupi ndi dengu m'mawa wonse. Nyimbo itatha, milu khumi itafanana, kanjere katatsala, iye anadzuka, nalowetsa mphuno m'dengu. Kunamveka kutafuna kamodzi kokha.

"Vuto latha," anatero akunyambita milomo. "Abale nonse bwererani kwanu, milu yanu palibe. Dzuwa likapendeka tigawa pawiri, ndipo madzulo ano bamboyu anyamule bulangete lake."

Sakhwi anazindikira kuti nzeru yake yomwe inali itamutembenukira. Iye yekha ndi amene anakonza mtedzawo kuti ukhale womvera chonchi. Anayamba kusendera kudengu kuti adyeko ina imodzi, koma Nguluwe anamuponda mchira. Anati nkhoswe iliyonse ikhale kutali, oyandikira dengu ndi eni ake okha, ndipo anamutengera Sakhwi pamthunzi n'kugona mchirawo ataupanikiza. Sakhwi anachonderera, ananamizira ludzu, ananamizira m'mimba, koma sizinathandize. Ali pomwepo anaona Gologolo akuthamangira kutchire monga mwa masiku onse. Anamva chisoni kuti mnzakeyo akutaya nthawi yotsiriza yomwe akanapepesa.

Dzuwa litapendeka anakhalanso pamphasa. Nachisale anayambitsa nyimbo motsitsa mawu, Gologolo n'kuvomera motsitsanso. Sanafulumire. Ankaponya njere iliyonse ngati ikulemera, ndipo ndime zina ankazibwereza popanda chifukwa. Dengu litayamba kuoneka pansi, onse awiri anasiya kuimba. Njere kwa Nachisale, njere kwa Gologolo, njere kwa Nachisale, njere kwa Gologolo. M'dengu munali mbee.

Gologolo anasuzumiramo. Analitembenuza, naligwedeza, naligogoda pansi. Nachisale anatukula mphasa, nasesa ndi mchira pansi pake.

"Mukufunafuna chiyani?" anafunsa Nguluwe. "Zagawika. Banja latha."

Nachisale, amene sanalire dzinja lonse, anakhala pansi n'kuphimba nkhope. Gologolo anangoima kakasi, dengu lili m'manja.

Sakhwi anati mwambo umafuna kuti nkhoswe iwerenge milu isananyamulidwe, ndipo Nguluwe anamumasula mchira. Anawerenga ndi mtima wosweka, poti ankadziwa kale chimene apeze. Mulu wa Nachisale unakwana miyala khumi ndi iwiri, minga isanu ndi umodzi, n'kutsala njere imodzi yapadera. Sakhwi anaima. Anathamangira ku mulu wa Gologolo, ndipo nawonso unali ndi njere imodzi yapadera. Mphuno yake inayamba kuvina yokha.

"A nduna, ndithandizeni kukumbuka. Tsiku loyamba aliyense anali ndi miyala khumi ndi iwiri ndi minga isanu ndi umodzi, pakati n'kutsala njere imodzi. Si choncho?"

"Ndi choncho."

"Njere imeneyo ili kuti?"

"M'mimba mwanga."

"Nanga ziwiri zapaderazi zachokera kuti? Mbala zochotsa ndimazidziwa. Pano pali mbala zoonjezera."

Anafukula mulu wa Nachisale ndi mphuno yake, natulutsa kanjere kakang'ono kofiira. Anafukula wa Gologolo, natulutsa kena kofiira. Anatiika pamphasa moyandikana, nabwerera m'mbuyo.

Woyamba kulankhula anali Nachisale, akuyang'ana pansi. Anati pamene ankapereka kathumba kaja anapatulako njere imodzi ya amayi ake, n'kuimanga pamfundo ya chitenje. Masanawa, poona kuti palibe akumuona, anaiponya m'dengu kuti itsalenso imodzi, abwerezenso mawa. Ataiona ikutuluka pogawa, anaikwirira msanga m'mulu, osadziwa kuti pali inzake.

"Munataya njere yotsiriza ya amayi anu?" anafunsa Gologolo.

"Sindinataye. Ndinaika m'dengu lathu. Nanga inayo mwaitenga kuti inu?"

Gologolo anayang'ana zikhadabo zake. Anati masana aliwonse ankakumba paliponse pamene ankaganizira, ndipo dzulo anapapeza. Kathumba kanaola ndi mvula, mbewu inamera yokha, ndipo yabereka. Anaopa kunena, kuti zingaoneke ngati akugula chikhululuko. Lero anathamanga kukakumbako imodzi n'kuiponya m'dengu, nayenso n'cholinga choti itsale imodzi.

"Ndinalakwa, a Nachisale," anatero. "Ndimaiwala malo. Inu sindinakuiwaleni ngakhale tsiku limodzi."

Nguluwe, atamva za mtedza wosakumba, makutu anaima. Anafunsa mwaulemu kwambiri kuti malowo ali chakuti. Onse anakana kumuuza. Zimenezi zinamupsetsa mtima, ndipo anati kaya njerezo zachokera kuti, milu yafanana, mwambo wakwanira, bambo anyamule katundu. Sakhwi anatsegula pakamwa kuti apeze bodza lina, koma ulendo uno anachedwa.

Nachisale anatola njere ya chalimbana pamulu wake, naifinya, n'kugawanika pakati. Theka anaika m'kamwa mwake, theka linalo anaika m'kamwa mwa mwamuna wake.

"Njere siiswedwa pogawana," anatero Nguluwe.

"Sitikugawana, a nduna. Tikudya. Ankhoswe, werengani tsopano."

Sakhwi sanafunike kuwerenga. Anakankha milu iwiri ija n'kukhala umodzi, nanena mokweza kuti zatsala njere zikwi ziwiri, mazana asanu, makumi awiri ndi imodzi, ndipo aliyense wofuna kuyesanso kugawa abwere mawa ndi abale ake onse. Nguluwe anayang'ana mulu, anayang'ana awiriwo akutafuna, nachoka akung'ung'udza kuti masiku asanu ndi anayi amupindulira njere imodzi. Mbira anadzuka nthawi yomweyo n'kufunsa ngati mulu wa ankhoswe ulipobe.

Nachisale anamanga njere ziwiri zofiira zija pamfundo ya chitenje chake, nauza mwamuna wake kuti apite pompo akamuonetse malowo asanaiwalenso. Gologolo anavomera ndi changu. Anaimirira, nayang'ana kum'mawa, nayang'ana kumadzulo. Dzanja linayamba kukwera pang'onopang'ono kupita kumutu.

Sakhwi anatsinzina, poganiza kuti ntchito yake yonse yapita m'madzi. Koma Nachisale anagwira dzanja lija lisanafike kumutu, nalitembenuza, n'kuyang'ana zikhadabo.

"Tsiku loyamba munabwera ndi dothi lakuda la kudambo," anatero. "Kenaka mchenga. Kenaka phulusa la kumunda wakale. Dzulo ndi lero ndi lofiira, la pachulu cha pampoza. Mumayesa madzi osamba aja ndinkabweretsera chiyani? Tiyeni, ndikutsogolerani."

Anapita atagwirana choncho, ndipo asanapite patali Nachisale anayambitsa nyimbo ija, Gologolo n'kuvomera osaiwala mawu ngakhale amodzi. Sakhwi anatsala akulondera mulu. Anauyang'ana nthawi yaitali, malovu ali chuchuchu, koma sanadyeko ngakhale njere imodzi, poti ankadziwa chimene njere imodzi ingachite.

Nthano yanga ndaigawa yonse, m'dengu mulibe yotsala.